Za ulendo wa ku Milange kudzera pa Muloza

Achemwali, mwafunsa ngati ikadalipo basi yochoka ku Limbe mpaka pa Muloza imene bambo anu amaikumbukira, komanso mmene mungafikire ku Milange, ku Mozambique, ndi mayi okalamba. Bambo sakunama. Kale msewu umenewu unali wa mabasi akuluakulu a kampani ya UTM (United Transport Malawi), kenako Stagecoach, kenako Shire Bus Lines. Basi inkanyamuka pa nthawi yake, tikiti inali ya pepala, katundu ankakwera pa kaliyala. Ena ankakwera sitima n'kutsikira pa Luchenza. Koma pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, ulendo wa ambiri unkathera pa Muloza pomwepo. Anthu ankachita kuthawa kuchokera tsidya lija, osati kupitako. Masiku ano musadikire basi yotero. Ulendo ndi woduladula.

Ku Limbe kuli njira ziwiri, ndipo oitanira onse amangokuwa kuti Mulanje. Funsani kuti idzera kuti. Ya Midima, yodutsa pa Nguludi Turn-off ndi pa Nkando, ndi yachidule. Ya ku Thyolo imadzera pa Bvumbwe, Thyolo boma ndi Luchenza, ili ndi masiteji ambiri ndi zokhotakhota za m'minda ya tiyi, ndipo m'miyezi yozizira chifunga cha chiperoni chimachedwetsa. Ndi agogo, tengani ya Midima.

Funso lachiwiri ndiye lofunika kwambiri: minibasi ikathera pati? Kondakitala adzavomera kuti Muloza ngakhale ali ndi anthu atatu okha opita kumeneko. Mukafika pa Chitakale kapena pa Mulanje boma, anthu ambiri n'kutsika, aona kuti makilomita pafupifupi 30 otsalawo sabweza ndalama ya mafuta, ndiye amakugulitsani kwa minibasi ina kapena Sienta. Kugulitsako si vuto palokha. Vuto limabwera mukatsika makondakitala awiriwo asanapatsane ndalama pamaso panu, poti wachiwiriyo adzakulipiritsaninso pofika pa Mimosa. Musatsitse katundu mpaka mutamva ndi makutu anu kuti agwirizana. Ena amalipira theka ponyamuka, theka pofika, ndipo kondakitala wotsimikiza kuti akafika sakana zimenezo. Mtengo wa thumba muukambirane lisanalowe mu buti, likalowa mawu anu atha. Mitengo yeniyeni mukafunse tsiku lomwelo kwa wokwera mnzanu, osati kwa woitanira, chifukwa imayenda ndi mtengo wa mafuta, ndipo mafuta akasowa imakwera tsiku lomwelo.

Sienta imadzaza msanga ndipo imathamanga, koma amapanikiza anthu kuposa mipando yake. Mayi muwalipirire mpando wakutsogolo wonse, ngakhale zitanthauze kulipira malo awiri.

Minibasi zambiri zimaima nthawi yaitali pa Limbuli, poti msika ndi pamenepo. Pakadzaza njinga zonyamula chimanga ndi nandolo kuchokera ku Mozambique, galimoto imachita kukwawa. Nenani momveka kuti mukutsikira pa boda, osati pa Limbuli, chifukwa mtunda wotsalawo ndi wovuta kwa munthu wamkulu wonyamula chikwama.

Pa boda minibasi za kuno siziwoloka. Mulowe mu ofesi ya Immigration ndi pasipoti kapena border pass, adinde, muwoloke mlatho, akadindenso mbali ya Mozambique. A kabaza ena adzakuuzani kuti akudutsitsani njira yachidule ya kumtsinje popanda mapepala. Kanani. Mukakumana ndi apolisi a kumeneko opanda chidindo, wa kabaza uja sadzaoneka, ndipo nthawi ya mvula mtsinje umadzaza mwadzidzidzi ndi madzi ochokera m'phiri ngakhale pamene inu muli sipanagwe dontho. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita kuderali mu 2023 sachita nawo masewera madziwo.

Kuchoka pa chipata kufika m'tauni ya Milange ndi makilomita ochepa, ndipo mayendedwe ake ndi njinga yakapalasa kapena yamoto. Kwa agogo, njinga yamoto, munthu mmodzi pa njinga, katundu pa ina. Aone pamene pali paipi ya utsi asanakwere, imawotcha mwendo, ndipo chitenje achipinde chisalendewere ku sipoko. Chinenero chisakudetseni nkhawa, Chichewa ndi Chilomwe zimamveka bwino kumeneko.

Ndalama musinthe zochepa chabe zoyendera, ndipo muwerenge ma metikashi m'manja mwanu musanapereke makwacha. Ngati mupitirira ku Mocuba, ma chapa (minibasi za kumeneko) amanyamuka m'mawa kwambiri, ndiye konzekani kugona ku Milange. Ku Limbe nyamukani isanakwane 7 koloko m'mawa, chifukwa pa boda amatseka madzulo, ndipo pobwerera minibasi za ku Limbe zimayamba kusowa pa Muloza dzuwa likapendeka.