Makobidi akale a ku France: kodi akakalamba ndiye kuti adula?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti m'chitini cha malemu agogo awo apeza makobidi anayi a ku France: 1 franc yopepuka ya 1943 yokhala ndi nkhwangwa, 5 francs ya 1962, 1 franc ya 1914, ndi kakobidi kachikasu ka 20 francs ka 1910 kojambulidwa tambala. Akufunsa ngati angagulitse ndalama zambiri poti ndi akalekale, komanso ngati awatsuke kaye.

Mayi, ndiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi lofulumira: musawatsuke. Phulusa, mandimu, mankhwala otsukira mano, zonsezi zimasiya timikwingwirima tomwe wogula amationa msanga pa galasi lokulitsa zinthu, ndipo mtengo umatsika pomwepo. Kuda komwe siliva amakhala nako akakhalitsa ogula amakukonda. Gwirani kobidi m'mbali mwake, ndipo lililonse likhale m'kapepala kakekake kuti asamakhulane.

Ku banki sangawalandire. France inayamba kugwiritsa ntchito euro mu 2002, ndipo Banque de France, banki yaikulu ya dzikolo, inasiya kusintha makobidi a franc mu February 2005. Mtengo wawo tsopano umachokera pa chitsulo chomwe anapangira, kuchuluka kwa omwe anasulidwa chaka chimenecho, ndi momwe kobidi lasungikira. Zaka pazokha sizigula kanthu.

Ya 1943 ija ndi aluminiyamu wa nthawi ya boma la Vichy, lomwe linkalamulira France pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, n'chifukwa chake palembedwa mawu a bomalo oti Travail, Famille, Patrie (ntchito, banja, dziko). Anasulidwa mamiliyoni ochuluka, moti mtengo wake ndi wochepa kwambiri. Isungeni ngati chikumbutso.

Ya 1962, yokhala ndi mayi wofesa mbewu wojambulidwa ndi Oscar Roty, ndi siliva. Kuyambira 1960 mpaka 1969 makobidiwa amalemera magalamu 12, ndipo siliva weniweni ndi pafupifupi magalamu 10. Chulukitsani 10 ndi mtengo wa galamu ya siliva tsiku limenelo, mwapeza poyambira kukambirana. Ya 1970 kupita mtsogolo imaoneka chimodzimodzi, koma imalemera magalamu 10 ndipo mulibe siliva. Anthu ambiri amapusitsika apa.

Pa 1 franc ya 1914 ndi pomwe muyenera kufatsa. Nayonso ndi siliva, yolemera magalamu 5, ndipo zambiri mwa izo n'zosasowa. Koma nkhondo yoyamba ya padziko lonse itayamba chaka chimenecho, makobidi ena anakasulidwira ku Castelsarrasin, kumwera kwa dzikolo, ndipo anawaika kachilembo C. Ma 1 franc a 1914 okhala ndi C sanafike 50,000, choncho osonkhanitsa amawasaka ndipo mtengo wake umaposa wa siliva kutalitali. Yang'anani mbali yomwe kuli chaka, pamalo owala bwino. Mukaona C, musathamangire kusangalala: akamberembere amamatapo kapena kuzokotapo chilembochi pa kobidi wamba, ndiye pafunika katswiri aone. Tizizindikiro tating'ono timeneti ndi timene timasiyanitsa makobidi a ku France. Pa akale kwambiri chilembo chimasonyeza mzinda womwe anasulidwira: A ndi Paris, K ndi Bordeaux, W ndi Lille, BB ndi Strasbourg. Ngakhale 100 francs ya 1958 imadula ikakhala ndi kachizindikiro ka kadzidzi.

Ka tambala kaja, ngati ndi kenikeni, ndiko chuma cha m'chitinimo. Kayenera kulemera magalamu 6.45, m'mimba mwake mamilimita 21, ndipo golide weniweni ndi magalamu 5.8. Kayezetseni pa sikelo ya osula ndolo ndi mphete, ya kukhitchini singathe. Maginito asakakoke. M'mphepete mwake muyenera kulembedwa Liberté, Égalité, Fraternité, chifukwa mawu oti Dieu protège la France anathera pa makobidi a 1906. Mukakatembenuza ngati tsamba la buku, chithunzi cha kuseri chizioneka chozondoka. Chaka cha 1910 chisakunyengeni kuti n'kosowa: pakati pa 1951 ndi 1960 boma linasulanso makobidiwa ambirimbiri n'kuwalemba zaka za 1907 mpaka 1914. Ogula amalipira mtengo wa golide ndi kena kochepa pamwamba. Ngati kanabooledwa kapena kuwotchereredwa pa mkanda, kowonjezerako kamathera pomwepo.

Ogulitsa a ku France amaika makobidi m'magulu malinga ndi kuperepeseka kwake, kuyambira operepeseka kwambiri: B, TB, TTB, SUP, SPL ndi FDC, lomwe ndi kobidi losagwiritsidwapo ntchito. Makobidi a m'chitini kawirikawiri amakhala TB kapena TTB, choncho mukamaona mitengo m'mabuku a Gadoury kapena Le Franc, werengani mzere umenewo, osati wa FDC. Pa eBay, msika wa pa intaneti, musatengeke ndi mitengo yomwe anthu akuitanitsa, aliyense amalemba zomwe wafuna. Onani ya makobidi omwe agulidwa kale.

Jambulani mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete, lembani kulemera kwa lililonse, ndipo funsani ogula osachepera awiri. Wina akafuna kugula chitini chonse pamtengo umodzi asanayeze ka golide kaja, kanani.