Sinki kugundizana ndi kuka, ndi tsokadi kapena?

Sabata yathayi mayi wina wandilembera imelo, akuti wangolowa kumene nyumba ya lendi, ndiye mnzake wa kuntchito amene anakhalako ku China atabwera kudzaona nyumba anangogwira pakamwa, amvekere "iii sinki ndi kuka zagundizana chonchi, ndalama sizikhalitsa muno." Mnzakeyo akuti zimenezi ndi za feng shui, ndiye mayiyu akufunsa kuti feng shui yo ndi chani kwenikweni, nanga atani poti alandilodi sangalole zogumula.

Achemwali, mtima m'malo kaye. Feng shui ndi nzeru yakalekale ya ku China, feng ndi mphepo, shui ndi madzi, ndipo mawuwa amapezeka m'zolemba zomwe amati ndi za Guo Pu, yemwe anamwalira mu 324, zokamba malo abwino oyika manda, osati khitchini ayi. Otsatira nzeruyi amakhulupirira kuti pali mphamvu ina amaitcha qi imene imayenda m'nyumba ngati kamphepo, isathamange kwambiri komanso isatsekeredwe. Ku Hong Kong sazitenga mwachibwana, ngakhale pomanga likulu la banki ya HSBC lija m'ma 1980 anafunsira kwa akatswiri a zimenezi.

Nde nkhani ya sinki yanuyo ikuchokera pa zinthu 5 zomwe amati zimayendetsa chilichonse, mtengo, moto, dothi, chitsulo ndi madzi. Madzi amazimitsa moto, kuka ndi moto, sinki ndi firiji ndi madzi, ndipo kwa iwo kuka ndi pamene pali chuma cha banja poti mpamene pamachokera chakudya. Koma apa mpamene mnzanuyo sanamalize kukuwuzani, madzi amameretsa mtengo, mtengo nkuyatsa moto, ndiye mtengo ndi mkhalapakati. Ikani thabwa lodulirapo anyezi pakatipo, kaya kachitini ka zipande ndi mithiko, kaya kamtengo kobiriwira mkapoto, basi eni ake akuti mlandu watha. Palibe zoitana mmisiri.

Ine kunena zoona sindikhulupirira kuti sinki ingathawitse malipiro a munthu, amatha ndi mitengo ya zinthu kumsikaku. Koma yesani kukazinga chambo wina akutsuka mbale pambali panu, kadontho kamodzi kokha kagwere m'mafuta otenthawo, mudzaona kuthetheka kwake nkono onse mabala, ndiye mpatawo ngofunikadi.

Lamulo lomwe ndimalikonda ndi loti wophika aziona pakhomo, asamafulatire chitseko. Ngati kuka yayang'ana kukhoma ena amapachika kagalasi kumbuyo kwake, ine ndinangoika thileyi yonyezimira ya sitilo, imakwanira kuona kamwana kakukwawira kumiyendo uli ndi poto wa phala lowira mmanja. Amatinso kuka isakhale pansi pa windo, eya mphepo imazimitsa gasi komanso katani sachedwa kugwira moto, ndipo isayang'anizane ndi chitseko cha toileti, izi nde agogo athu sanadikire munthu wa ku China kuti awauze.

Zina nzapafupi, mipeni mu dirowa, mpope wodontha mukonzetse poti akuti chuma chikudontha (bilu ya madzi ikuvomerezani), mapuleti onse a kuka muzisinthasintha osangokakamira imodzi yakutsogolo ija.

Zogula kampasi yawo ya luopan kapena timabelu tolendewera tija musavutike nazo. Yambani ndi thabwalo, ndipo mnzanuyo akadzabweranso mumuwonetse kuti mkhalapakati alipo, kenako mumupatse mbale atsuke.