Achimwene, thumba linalo musathire

Achimwene a kwa Khombedza, chithunzi cha dziwe lanu la nsomba ndachiona. Zitosi zinazo musathiremo, zisiyeni kaye kukhola, chonde. Madzi ali pa chithunzi chanuwo abiriwira kale mopyola, ndipo ndikamawayang'ana mtima ukundiwawa, chifukwa ndi mmene linkaonekera dziwe langa kuno ku Benga kutatsala masiku anayi kuti nsomba zithe.

Munali mu February 2022. Ndinali ndi makumba ndi chilunguni pang'ono, miyezi isanu ndikudyetsa madeya, ndalama yake nditaiwerengera kale kuti ndi fizi ya mwana wa Fomu 3. Amene anandigulitsa tiana ta nsombato ankabwera pa njinga yamoto, kabuku m'manja, kumadzitcha mlangizi. Iyeyo ndi amene anandiuza kuti madzi akabiriwira ndiye ndalamazo, muzingothira bambo. Ndinathira zitosi za nkhuku mawilibala awiri, pamwamba pake Urea amene anandigulitsa yekha pamtengo woposa wa kusitolo. Sabata isanathe madzi anali ngati msuzi wa nkhwani, pamwamba patayandama chinthu chonga penti chimene mphepo inkachikankhira ku ngodya imodzi. Ine kumajambula n'kumaonetsa anthu, kunyada.

Kenako kunagwa mvumbi, masiku atatu dzuwa osaoneka. Tsiku lachinayi anandidzutsa ndi mwana wanga kusanache bwino, akuti adadi nsomba zikumwa mphepo. Ndinathamanga opanda nsapato. Dziwe lonse milomo yokhayokha pamwamba, yasaa, ngati ana a mbalame m'chisa. Zikuluzikulu zija ndinkazinyadira ndi zimene zinayamba kugadabuka, mimba zoyera m'mwamba. Madzi aja anali atasanduka odera, fungo lake ngati dzira lovunda. Ndinalowamo ndi ndowa, kutunga n'kukhuthula, kutunga n'kukhuthula, osadziwa n'komwe chimene ndikuchita. Mayi a kunyumba anaima pamphepete ndi beseni, osalankhula kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa akanandikalipira. Pofika 8 koloko tinali titatola mabeseni asanu ndi limodzi. Anthu anabwera, ena kugula pamtengo wongotaya, ena kukana ati zathiridwa mankhwala. Zotsala tinazipasula n'kuziwamba, koma nkhuni zinali zonyowa, theka linawola.

Mlangizi uja foni osayankha. Atayankha mawa lake, akuti mwina wina wakuchitirani nsanje. Ine n'kukhulupirira! Ndinakhala milungu itatu osapereka moni kwa mnansi wanga, munthu wosalakwa, mpaka lero ndikakumana nawo ndimachita manyazi. Mlangiziyo nditamufunsa za ndalama ya Urea anandibuloka pa WhatsApp. Ndikumva kuti akuyendabe ndi njinga yake ija, akugulitsabe tiana. Anthu otere amadziwa chiganizo chimodzi chokha chimene anamva pa maphunziro a masiku awiri, n'kumadyera pomwepo thukuta la anzawo.

Amene anandimasula ndi mwana wa achemwali anga, anaphunzira za nsomba ku Bunda. Anati amalume, palibe wakuthirani mankhwala, nsomba zabanika. Kubiriwira kuja ndi ndere zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso, zimadya nayitirojeni ndi fosiforasi wa m'manyowa. Dzuwa likawala zimatulutsa mpweya wa okosijeni, koma usiku zimaupumanso ngati nsomba zomwe, n'chifukwa chake mpweya umachepetsetsa m'bandakucha. Mitambo ikakhalitsa nderezo zimafa zambiri nthawi imodzi, mabakiteriya n'kuyamba kuziwoletsa, ndipo powoletsapo amatha mpweya wotsalawo, n'kubwezera m'madzi amoniya ndi chakudya china choti ndere zatsopano zidye. Akuti akatswiri a nyanja zamchere akhala akufufuza kuzungulira kumeneku kwa zaka zambiri. Wina wa ku America, Alfred Redfield, anapeza kalekale kuti tizomera ta m'nyanja timakhala ndi magawo pafupifupi 16 a nayitirojeni pa gawo limodzi la fosiforasi. Ine 16 wanga ndinamuthira ndi wilibala.

Anandiuzanso chimene chinandidabwitsa, ine wobadwira m'mphepete mwa nyanja. Nyanja yathuyi, yakuya pafupifupi mamita 700 kumpotoko, ukatsika kupyola mamita 250 mulibiretu mpweya, chifukwa zakufa zonse zimamira n'kukawolera kumeneko ndipo madzi ake sasakanikirana ndi apamwamba. Mwera ukamawomba nyengo yozizira umavundula madzi apakati okhala ndi chonde, makamaka kummwera, ndere zimachuluka, tizilombo todya ndere n'kuchuluka, usipa n'kupeza chakudya. Kusiyana kwake n'kwakuti nyanja ndi yaikulu ndipo ili ndi mafunde. Dziwe lako la mamita 20 kwa 10 mvumbi ukagwa lilibe wolivundula.

Tsono musamve ngati ndikuti manyowa ndi oipa, ayi. Ine mpaka pano ndimathira, ndipo dziwe la madzi oyera mbee makumba sakula, mungomalizirapo madeya. Ndimaika zitosi m'thumba n'kulimangirira pa ngodya, madzi akabiriwira ndimalichotsa. Viikani mkono mpaka pa chigongono. Chikhatho chikamaoneka bwinobwino, onjezerani pang'ono. Chikasowa mkono usanafike pa chigongono, lekani manyowa, chepetsani ndi madeya omwe, chifukwa otsalira nawonso amawola n'kudya mpweya. Ngati muli ndi ngalande, tulutsani madzi ena mulowetse atsopano lero lomwe, osati mawa. Ndipo masiku ano a mitambo muzidzuka 5 koloko kukaona dziwe, osati 8 ngati mukupita ku msika wa Kamuzu Road.

Alangizi ongodzitchawa musamawakhulupirire. Komabe pitani ku ofesi ya za nsomba kubomako mukapeze weniweni adzaone ndi maso, ingoonetsetsani kuti si amene akugulitsani fetereza. Mutumizenso chithunzi china mkono uli m'madzi, ndione pamene chikhatho chikusowera.