Mafunso a owerenga: Idris Elba

Funso: Akulu, ndimkaganiza kuti Idris Elba ndi wa ku America. Kodi ndiyambe kuonera chiyani?

Yankho: Ambiri adasokonezeka ndi The Wire, sewero la pa TV la ku America, momwe adasewera ngati Stringer Bell akulankhula ngati mbadwa ya mumzinda wa Baltimore. Koma iye adabadwira ku Hackney, mu mzinda wa London, mu 1972; bambo ake adali a ku Sierra Leone, mayi ake a ku Ghana. Yambani ndi Luther, sewero la pa TV la BBC lomwe lidayamba mu 2010, momwe adasewera ngati wapolisi, ndipo muonere motsatira ndondomeko. Filimu ya Luther ya 2023 muisunge pomaliza. Ife tikuona kuti mu Beasts of No Nation ya 2015 ndi momwe adaonetsa luso lake lonse, ngakhale ndi filimu yowawitsa mtima.

Funso: Wina pa Facebook akuti ndi Elba, ndipo akupempha ndalama zothandizira ana. Nditumize?

Yankho: Ayi, musayerekeze. Amenewo ndi akathyali. Amaba chithunzi, n'kukukokerani ku WhatsApp, kenako amafuna makhadi a mphatso ogulira zinthu kapena Bitcoin, ndalama ya pa intaneti, chifukwa ndalama zotere sizibwezeka. Ntchito zake zachifundo ndi zapoyera: mu 2020 iye ndi mkazi wake Sabrina adasankhidwa kukhala akazembe a IFAD, bungwe la United Nations lothandiza alimi ang'onoang'ono, ndipo mu 2024 adatsogolera kampeni yolimbana ndi kubayana ndi mipeni pakati pa achinyamata ku Britain. Bungwe lachifundo la ku England likakupemphani ndalama, funsani nambala yake, muifufuze pa intaneti m'kaundula wa Charity Commission, nthambi ya boma yolembetsa mabungwe achifundo.