Kodi khobidi labowoli ndi lenileni?

FUNSO: Ndikulima dimba m'mbali mwa Shire madzi atatsika, ndinatola khobidi lamkuwa labowo pakati. Ndi lokutha kwambiri, koma njovu ziwiri zikuoneka ndipo chaka chikuwerengeka ngati 1957. Munthu wina pamsika akuti ndi lachinyengo, pamene mnzake akuti ndimupatse pamodzi ndi ndalama yokaliyezetsera kuti akandigulitsire mamiliyoni. Ndikhulupirire ndani? Ndine bambo wa ku Bangula, Nsanje.

YANKHO: Bambo, zimene mwafotokozazi zikugwirizana ndi khobidi la m'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Makhobidiwa anasulidwa kuyambira 1955 mpaka 1963, ndipo mbali imodzi ili ndi njovu ziwiri zoimirira, chisoti chachifumu pamwamba pa bowo, komanso dzina la Mfumukazi Elizabeth koma popanda nkhope yake. Ine ndikuona kuti lanulo ndi lenileni, chifukwa anasulidwa ochuluka zedi, mwakuti wachinyengo sangapindule kanthu podzivutitsa kupanga lofanana nalo.

Komabe liyeseni nokha. Liyandikizeni ku maginito, ngakhale a m'sipika ya wailesi yakufa. Mkuwa sugwidwa ndi maginito, choncho likamamatira, mkati mwake muli chitsulo. Muyeso umenewu si wa ndalama iliyonse, pakuti ma 1 tambala ndi 2 tambala ena a zaka za pambuyo pake ndi achitsulo chokutidwa ndi mkuwa, ndipo amamatira ngakhale ali enieni. Kenako yezani kukula kwake ndi rula, kuyenera kukhala pafupifupi mamilimita 27.

Chofunika koposa ndi kuona mmene lathera. Khobidi lomwe ladutsa m'manja mwa anthu zaka zambiri limayamba kutha pamalo otukuka, monga pamatupi a njovu ndi pachisoti, ndipo pamalopo pamakhala see, pamene m'makwinya ozama zilembo zimasungabe m'mbali mwake mwakuthwa. Lachinyengo nthawi zambiri limapangidwa pothira chitsulo chosungunula m'chikombole, motero zonse zimaoneka zofufuma mofanana, pankhope pake pamakhala timaenje ting'onoting'ono, ndipo m'mphepete mumaoneka mzere pomwe zikombole ziwiri zinakumana, kapena zipsera za tupa. Mukaligwetsa pang'ono pa simenti, lenileni limalira kuti ngwee, pamene la mtovu limangoti phu, ngakhale kuti lokhalitsa m'matope nthawi zina silimveka bwino. Mtundu wakuda kapena wobiriwira womwe wamera m'chitsulo usakudetseni nkhawa, koma wochoka ndi chikhadabo ngati penti ndi wokayikitsa.

Chonde musalikweche ndi mchenga, phulusa, mandimu kapena bwemba. Mukatero mufafaniza zizindikiro zomwe zikanakuikirani umboni, ndipo osonkhanitsa ndalama zakale safuna khobidi lopukutidwa. Litsukeni ndi madzi oyera basi, muliumitse bwino.

Za mamiliyonizo ndikuuzeni mosabisa kuti kukhala lenileni sikutanthauza kukhala lamtengo wapatali. Achinyengo amalimbana ndi ndalama zosowa, monga khobidi la ku Britain la 1933 lomwe anasula owerengeka chabe, ndipo ena amasema manambala a chaka china kuti aoneke ngati 1933. Lanu la 1957, lokutha chotere, mtengo wake ndi wochepa. Munthu wofuna kuti muyambe mwalipira ndalama yoyezetsera musamupatse kanthu, ndipo khobidilo lisachoke m'manja mwanu mpaka wogula weniweni atalipira pamaso panu.