Kuchoka kosamalira ofa ziwalo kupita ku wodi ya chipatala

Namwino wina wa ku Nkhotakota, yemwe wangoyamba kumene ntchito, wandilembera. Akugwira pamalo osamalira anthu amene akuchira ku sitiroko ndi ngozi zapamsewu, koma mtima wake uli ku chipatala chachikulu. Akuti anzake a m'kalasi ali ku wodi pamene iye akungotembenuza odwala ndi kuwaphunzitsa kuyenda, ndiye akuopa kuti akakafunsira ntchito adzamuona ngati wotsalira. Amayi ake akumuletsa kusiya ntchito yomwe ili kale m'manja.

Achemwali, ngati mtima uli ku wodi, samukani mukadali atsopano pantchito. Kubaya kanula pamkono wa mwana, kuwerengera madontho a dilipu, kuchiritsa mayi ku leba, zonsezi manja amaiwala akakhala nthawi osazigwira. Mukachedwa zaka zambiri, mantha amene muli nawo lerowa adzangokula.

Koma musaipeputse ntchito mukugwirayi. Lowani mu wodi ya amuna kapena ya amayi pachipatala cha boma, simulephera kupeza agogo amene BP inawagwetsa. Agonera mbali imodzi kwa masiku, chilonda chayamba m'chiuno ndi pachidendene, gadiyani akuwamwetsa phala ali chigonere mpaka kutsamwa. Namwino wa pa wodiyo si woipa mtima, odwala amuchulukira. Inu mukudziwa kuti munthu wotere amatembenuzidwa maola awiri alionse, amadyetsedwa atakhala tsonga, ndipo phala likalowera ku mapapo limabweretsa chibayo. Mukudziwanso kulankhula ndi gadiyani, amene amagona pansi pambali pa bedi usiku wonse, yemwenso adzapitirize chisamalirocho akabwerera kumudzi. Ambiri amatuluka ku koleji asanaphunzire kuleza mtima kotere. Zilembeni mu CV momveka, ndipo pa intavyu muzifotokoze mosachita manyazi, popanda kutchula dzina la wodwala.

Pomwe mwatsalira ndi pa matenda adzidzidzi, ndipo apa mpofunika kukonza musanaitanidwe. Kaonaneni ndi a metroni pa chipatala cha boma cha Nkhotakota kapena ku St Anne's, chipatala cha mpingo wa Anglican chomwe chili pansi pa CHAM (bungwe la zipatala za mipingo), mupemphe kumathandiza masiku amene muli pa ofu. Lokamu (ganyu wogwira m'malo mwa namwino wina) ikapezeka, itengeni, makamaka ya naiti, chifukwa usiku ndi pamene namwino amaganiza yekha. Werengani za matenda a kuno kunyanja: malungo aakulu a ana, kolera imene inavuta kwambiri mu 2022 ndi 2023, ndi kaodzera, yemwe amapezeka m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota. Laisensi yanu ya ku Nurses and Midwives Council of Malawi ikhale yoti nthawi yake sinathe, mapointi a CPD (maphunziro owonjezera a pa ntchito) akhale okwanira.

Ntchito za m'zipatala za m'maboma zimadzera ku Local Government Service Commission, pamene za zipatala zazikulu ngati Kamuzu Central zimadzera ku Health Service Commission. Wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti dzina lanu lituluke, ameneyo ndi wakuba. Dziwaninso kuti kulembedwa ndi khonsolo sikutanthauza kuti mukhala pa boma penipeni. Akhoza kukutumizani ku chipatala chaching'ono chakutali, komwe mayi woyembekezera akafika pakati pa usiku mzamba ndi inu nomwe. Dzifunseni ngati mwakonzeka.

Pa nkhani yosiya ntchito, amayi anu akunena zoona. Kulemba anthu ntchito m'boma kumatenga nthawi, mwina miyezi yambiri kuchokera pa intavyu. Musalembe kalata yosiya mpaka kalata yokulembani ntchito itafika m'manja mwanu. Ikafika, perekani notisi monga mwa mgwirizano wanu, musiye bwino odwala anu m'manja mwa mnzanu, ndipo mupemphe abwana anu kalata ya umboni musanachoke.