Kodi oweruza amakondera, kapena ife owonera ndife timaweruza zina?

Mayi, mwafunsa ngati mipikisano yophika ndi yosoka zovala ya pa wailesi yakanema imakhala yokonzeratu, popeza kawirikawiri munthu amene owonera tamukonda ndi amene amatsanzikidwa, pomwe amene tikumuona kuti ndi wamatama amapitirira mpaka kumapeto. Ine ndaonera mapulogalamu amenewa kwa zaka zambiri, ndipo maganizo anga ndi akuti ife ndi oweruza sitiweruza chinthu chimodzi. Iwo amalawa chakudya ndi kuyang'anitsitsa misoko ya chovala, pamene ife timaweruza khalidwe la munthu, ndiponso khalidwelo timaliona monga momwe okonza pulogalamu atisankhira kuchokera pa zithunzi za maola ambirimbiri.

Nkhani imene inanditsegula maso inachitika mu 2014 pa mpikisano wophika makeke ndi buledi wa The Great British Bake Off, womwe pa nthawiyo unkaonetsedwa pa BBC. Tsiku limenelo m'tenti momwe opikisanawo ankaphikira munatentha kwambiri, ndipo opikisana anauzidwa kuti apange Baked Alaska, keke yokhala ndi ayisikilimu m'kati. Iain Watters anapeza kuti ayisikilimu wake watulutsidwa mufiriji ndipo sanalimbe. Chifukwa chopsa mtima anataya zonse m'bini, ndipo itakwana nthawi yoonetsa zimene aphika, iye ananyamula biniyo n'kupita nayo pamaso pa oweruza, Mary Berry ndi Paul Hollywood. Anachotsedwa sabata imeneyo. Owonera anakwiyira Diana Beard, wopikisana mnzake, mayi wa zaka 69 amene anaoneka kuti ndiye anatulutsa ayisikilimuyo, anamunyoza koopsa pa Twitter, ndipo madandaulo oposa 800 anafika ku BBC. Koma Sue Perkins, mmodzi mwa otsogolera pulogalamuyo amene analipo m'tentimo, ananena kuti ayisikilimuyo anakhala kunja kwa masekondi pafupifupi 40 okha. Oweruzawo mfundo yawo inali yosavuta kumva: munthu wataya chakudya chake, iwo akanalawa chiyani? Chomvetsa chisoni n'chakuti zonsezi zinajambulidwa miyezi ingapo zisanaulutsidwe, moti pamene anthu ankatukwana mayi wachikulireyu, nkhaniyo m'tentimo inali itatha kalekale.

Pa mpikisano wa zovala zinthu zimasiyanako pang'ono, chifukwa chovala nafenso timachiona ndi maso, ngakhale sitingakhudze nsalu kapena kuchitembenuza kuti tione ngati m'kati mwake mwasokedwa mwaukhondo kapena mwangomatidwa ndi guluu. Mu 2010, pa Project Runway ya ku America, Gretchen Jones anapambana Mondo Guerra, ndipo owonera ambiri mpaka lero sanavomereze. Mondo anali atatenga mitima ya anthu pamene anapanga nsalu yokhala ndi zizindikiro za + n'kuulula kuti ali ndi HIV, pomwe Gretchen ankaoneka ngati munthu wokonda kulamula anzake. Apa sindinganene kuti owonera analakwitsa kotheratu, chifukwa oweruza eniakewo anagawanika: Michael Kors ndi Nina Garcia anali kumbali ya Gretchen, Heidi Klum anali kumbali ya Mondo. Komabe ndikamawerenga zimene anthu ankalemba, ochepa okha ndi amene ankakamba za kadulidwe ka zovala, ambiri ankakamba za amene ali ndi mtima wabwino. Mondo anadzapambana Project Runway All Stars, mpikisano wa anthu amene anapikisanapo kale pa Project Runway, mu 2012, ndipo ine ndinasangalala nawo, sindibisa.

Tisaiwale kuti okonza mapulogalamuwa amafuna anthu oonera, ndipo amadziwa kuti mkangano umakoka anthu kuposa munthu wosenda anyezi mwakachetechete. Sakufunika kunama kapena kulamula oweruza kuti asankhe uje. N'zokwanira kuti atisonyeze nkhope ya wina ikuchita tsinya pa mphindi yoyenera, ife tiyamba tokha kumuda.

Pali nthawi imodzi imene ndimaima ndi owonera mosakayika, ndiyo pamene chakudya chikuweruzidwacho ndi cha kwawo ndipo amachidziwa kuposa woweruza. Mu 2018, pa MasterChef ya ku Britain, Zaleha Kadir Olpin, wobadwira ku Malaysia, anaphika nkhuku ya rendang, yomwe imaphikidwa pang'onopang'ono mu mkaka wa kokonati ndi zokometsera mpaka nyama itafeweratu. Mmodzi mwa oweruza, Gregg Wallace, anadandaula kuti khungu la nkhukuyo silinali lokhukhuta, ndipo mayiyo anachotsedwa. Anthu a ku Malaysia, Indonesia ndi Singapore, omwe kawirikawiri amakangana za mwini wake weniweni wa chakudyachi, ulendo umenewu anagwirizana kuti woweruzayo walakwitsa, ndipo ngakhale Najib Razak, yemwe anali nduna yaikulu ya Malaysia, analowererapo pa Twitter. Taganizani mlendo akulawa nsima imene mwatakasa bwino, yopanda m'bulu ndi umodzi womwe, iye n'kunena kuti yaperewera chifukwa simunathire mchere. Owonera a kumeneko sanalawe mbale ya Zaleha, koma anakula akudya rendang ya amayi awo, ndipo ankadziwa kuti nkhuku yowiritsidwa mu msuzi kwa nthawi yaitali khungu lake silingakhukhute.